Nyumba Zosungidwa ndi Nyumba Zogumulidwa: Phunziro la ku Laudium

Abusa ndi akulu a mpingo olemekezeka, pamene tikumbukira ntchito za makolo athu, nkoyenera kuti tilingalirenso za nyumba zimene iwo anatisiyira. Mzinda wa Pretoria, kumene ana ambiri a dziko lathu anapita kukagwira ntchito, utipatsa phunziro pa nkhani imeneyi.

Mumzindamo muli nyumba ziwiri zakale zosamalidwa bwino lomwe. Yoyamba ndi ya Paul Kruger, yomangidwa m'chaka cha 1884, ya khonde lalitali ndi mikango iwiri yamwala pakhomo pake. Yachiwiri ndi Melrose House, imene George Heys anamanga m'chaka cha 1886, ya nsanja ndi mazenera a magalasi amitundumitundu. M'menemo anasainiramo pangano lothetsa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi pa 31 May 1902. Zonse ziwirizi zinasandulika nyumba zosungiramo mbiri.

Koma kufupi ndi pakati pa mzinda womwewo kunali Marabastad, kumene anthu akuda, Amwenye ndi Makaladi anakhala moyandikana m'nyumba za malata ndi njerwa. Boma linayamba kuwabalalitsa, ndipo lamulo la Group Areas Act la 1950 linakhwimitsa ntchitoyo. Akuda anawatumiza ku Atteridgeville, Makaladi ku Eersterust, ndipo Amwenye ku Laudium, malo amene anawapatulira m'chaka cha 1961. Nyumba zao zambiri zinagumulidwa. Kachisi wa Mariamman anapulumuka, nalowa m'gulu la zipilala za dziko m'chaka cha 1982, koma makomo a opembedzamo anali atafafanizika kale. Motero mbiri ya akulu inasungidwa m'makoma, pamene ya aumphawi inatsala m'mitima ya nkhalamba zokha.

M'chaka cha 1999 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa kugumula kapena kusintha nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo. Chodabwitsa nchakuti nyumba zoyamba za ku Laudium, zimene anthu analowamo ndi misozi, tsopano zafika pa msinkhu wotetezedwa ndi lamuloli.

Nanga ife kwathu kuno? Ku Blantyre ilipobe nyumba ya Mandala ya 1882. Ku Mvera ntchito inayamba m'chaka cha 1889, ndipo ku Nkhoma m'chaka cha 1896. Timanyadira nyumba za amishoni, ndipo nkoyenera kutero. Koma ziri kuti nyumba za aphunzitsi ndi alaliki oyamba, amene anayenda pansi kufesa Mau m'midzi? Chiswe ndi mvula sizidikira msonkhano wa Sinodi.

Yoswa anaimika miyala 12 ya mu Yordano kuti ana adzafunse tanthauzo lake. Tiyeni mpingo uliwonse ulembe nyumba zake zakale, za akulu ndi za ang'ono zomwe, ndi kuzifolera zisanagwe, kuti adzukulu athu adzakhale nacho cholozapo pofunsa.