Za Maligi ndi Zikho za Mpira wa Amayi ku Mangalande

Pa 5 Disembala 1921, akuluakulu a bungwe loyang'anira mpira wamiyendo ku Mangalande, lotchedwa Football Association kapena FA, anagamula kuti masewerowa ngosayenera munthu wamkazi, ndipo analamula matimu onse okhala pansi pa ulamuliro wawo kuti asabwerekenso mabwalo awo kwa amayi. Apa nkuti chaka chisanathe chichitikire zodabwitsa za pa Goodison Park mumzinda wa Liverpool, pamene pa 26 Disembala 1920 khamu la anthu 53,000 linasonkhana kudzaonerera atsikana a Dick, Kerr, ochokera ku fakitale ya ku Preston imene inkapanga zida pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, akugonjetsa St Helens ndi zigoli 4 kwa 0, ena zikwizikwi atatsala kunja kwa zipata posowa malo. Ndalama za pakhomo zinkapita kukathandiza asilikali opunduka ndi mabanja osauka, koma akuluakuluwo anati akukayika za kayendetsedwe kake.

Amayiwo sanaleke kusewera, pakuti palibe lamulo limene lingamange miyendo ya munthu. Chimene analandidwa ndi mabwalo okhala ndi mipanda ndi zipata, oyimbira mpira ovomerezeka, ndiponso mwayi wokhala ndi ligi imene mwana angakulire akuiona ndi kuikhumbira. Ena anayesa kudziimira paokha pokhazikitsa bungwe la English Ladies Football Association, limene linachititsa chikho mu 1922, Stoke nkuchitenga, koma bungwelo silinakhalitse. Kwa zaka pafupifupi 50 zotsatira, mpira wa amayi unakhala wa m'mapaki, wa m'mabwalo a ragibe ndi a mafakitale, wopanda m'busa.

Kuwala kunayamba kuoneka mu 1969, pamene matimu 44 anagwirizana kupanga bungwe lawolawo, Women's Football Association, lodalira anthu ongodzipereka, amene ankalemba makalata ndi kukonza ndondomeko ya masewero usiku ataweruka ku ntchito zawo. Chiletso cha FA chitachotsedwa, chinthu choyamba chimene bungweli linaika pamaso pa dziko chinali chikho, pakuti chikho sichilira zambiri: timu ikagonja yatuluka, ndipo ndalama ya ulendo yathera pomwepo. Matimu 71 analembetsa, ena a ku Scotland ndi Wales, ndipo pa 9 Meyi 1971, pa bwalo la Crystal Palace mu London, Southampton inagonjetsa Stewarton Thistle ndi zigoli 4 kwa 1. Southampton yomweyo inatenga chikhochi kasanu ndi katatu pa zaka 11 zoyamba. Koma ligi ya dziko lonse kunalibe kwa zaka 20 zinanso. Timu iliyonse inkasewera m'chigawo chake, yamphamvu nkumathira anzake zigoli khumikhumi mlungu ndi mlungu, osapeza woiyesa mphamvu kufikira nyengo ya chikho.

M'zaka zimenezo munakwera timu imene mbiri yake iyenera kusimbidwa mofatsa, pakuti pa iyo mpamene paonekera bwino zokoma ndi zowawa za kusintha konse kumene kunadza pambuyo. Mu 1969 atsikana ena amene ankagulitsa matikiti a mwayi pakati pa ochemerera pa bwalo la Belle Vue, kwawo kwa Doncaster Rovers, anapangana kuti nawonso azimenya mpira umene ankangoumvera phokoso ali kalikiliki ndi malonda, ndipo anadzitcha Belle Vue Belles, dzina limene pambuyo pake linasanduka Doncaster Belles. Anali ana a dera la migodi ya malasha, ogwira ntchito m'masitolo, m'mafakitale ndi m'mabanki, olipira okha mayendedwe ndi nsapato. Komabe pakati pa 1983 ndi 1994 anafika mu ndime yotsiriza ya chikho maulendo 11 mwa 12, nachitenga kasanu ndi kamodzi. Ligi ya dziko lonse itakhazikitsidwa mu 1991, ya matimu 24 ogawidwa patatu, gawo lapamwamba limodzi ndi magawo awiri a kumpoto ndi kummwera, a Belles anapambana masewero onse 14 a chaka choyambacho osataya pointi ngakhale imodzi.

Mu 1993 FA, imene kale inakana mwanayu, inamtenga kuti imlere yokha, ndipo chaka chotsatira ligi inapatsidwa dzina la Women's Premier League. Kuyambira pamenepo mphamvu inayamba kusamukira kwa matimu otsamira makalabu olemera a amuna, makamaka Arsenal, imene Vic Akers anayambitsa mu 1987, ndipo mu 2007 inasesa zikho zonse za kwawo pamodzi ndi chikho cha ku Ulaya. Koma nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Fulham inayamba kulipira osewera ake malipiro athunthu mu 2000 mwa kufuna kwa mwini wake Mohamed Al-Fayed, nileka patangopita zaka zitatu. Ndipo mu 2007 timu ya amuna ya Charlton Athletic itatuluka mu Premier League, eni ake anathetsa timu ya amayi imene inali itangosewera kumene ndime yotsiriza ya chikho, kulakwa kwa abambo nkugwera ana aakazi.

Poona kuti ligi ikuwonda ndiponso osewera abwino akuthawira ku America, FA inaganiza zogumula nkumanganso. Women's Super League inayamba pa 13 Epulo 2011, Arsenal itagonjetsa Chelsea 1 kwa 0 pa kabwalo kena kummwera kwa London, pamaso pa anthu osapitirira 3,000. Inali ya matimu 8, yoseweredwa m'chilimwe kuti isalimbane ndi mpira wa amuna, ndipo chachilendo chachikulu chinali chakuti malo sankapezedwa pogoletsa zigoli koma polembera kalata. Matimu 16 anafunsira, aliyense ataonetsa ndondomeko ya chuma, ya bwalo ndi ya malonda. Theka anapatsidwa ziphaso, ena monga Sunderland anabwezedwa, ndipo khomo linatsekedwa, pasakhale wotsika kapena wokwera.

Chimene chinachitika mu Epulo 2013 sichidzaiwalika msanga pakati pa okonda mpirawu. FA inalengeza kuti kuyambira 2014 kudzakhala gawo lachiwiri la matimu 10, ndi kuti malo a Doncaster Belles m'gawo loyamba aperekedwa kwa Manchester City, kalabu imene eni ake a ku Abu Dhabi anali atalonjeza kuthira chuma. A Belles, okhawo amene anakhala m'gawo lapamwamba chaka ndi chaka kuyambira 1991, anali atasewera masewero amodzi okha a ligi ya chaka chimenecho, ndipo anayenera kumaliza masewero otsalawo akudziwa kuti ngakhale atakhala akatswiri, kutsika atsikabe. Zifukwa zake zinali za chuma ndi za bwalo la Keepmoat, limene ankabwerekana ndi Rovers komanso timu ya ragibe, iwo nkukhala achitatu pa mzere. Anachita apilo, koma sanaphule kanthu, ndipo Vic Akers mwini, amene anali mdani wawo wa pabwalo kwa zaka zambiri, ananena poyera kuti chigamulocho chinali chochititsa manyazi. Nthawi yomweyo Lincoln inasamutsidwira ku Nottingham nkusandulika Notts County. Timu imeneyi inafika mu ndime yotsiriza ya chikho pa bwalo la Wembley mu 2015, koma pa 21 Epulo 2017 osewera ake anauzidwa kuti yathetsedwa, kutangotsala masiku awiri kuti akumane ndi Arsenal, ena mwa iwo akukhala m'nyumba za kalabu.

Tisanamize owerenga kuti kusinthaku kunali kopanda phindu. Manchester City inachitadi zimene inalonjeza, nitenga ligi mu 2016. Ligi itabwezedwa ku nyengo yachisanu mu 2017, ndipo mu 2018 atalamula kuti timu iliyonse ya gawo loyamba izilipira osewera ake monga antchito okhazikika, kuwaphunzitsa maola osachepera 16 pa mlungu ndi kukhala ndi sukulu ya atsikana ongoyamba kumene, kaseweredwe kanakwera moonekeratu. Banki ya Barclays inalowa ndi thandizo mu 2019, makanema a Sky ndi BBC anagula ufulu woonetsa masewero mu 2021, ndipo pa 31 Julayi 2022 anthu 87,192 anaona Mangalande ikugonjetsa Germany 2 kwa 1 pa Wembley nkukhala akatswiri a ku Ulaya. Mtsikana amene agogo ake ankavulira kuseri kwa galimoto lero ali ndi dokotala, mphunzitsi ndi kontirakiti. Koma walira mvula walira matope: mu 2018 momwemo West Ham inakwezedwa kuchokera gawo lachitatu kufika loyamba, Manchester United, imene inakhala zaka 13 yopanda timu ya amayi akuluakulu, inapatsidwa malo m'gawo lachiwiri, Sunderland inagwetsedwa magawo awiri, ndipo a Belles, amene anali atangopambana gawo lachiwirilo, anadzichotsa okha posowa ndalama, chaka chotsatira nkutsikiranso gawo lachinayi.

Za zikho, Women's FA Cup, chikho chija chinayamba mu 1971, ndiyo yasungabe mwambo wakale wa khomo lotsegukira aliyense, pakuti matimu a m'midzi amayamba ndime zoyambirira, akuluakulu nkudzalowa pa ndime yachinayi. Ndime yotsiriza inasamukira ku Wembley mu 2015, pamene anthu 30,710 anaona Chelsea ikugonjetsa Notts County, ndipo mu 2023 chiwerengero chinafika 77,390. Mphotho inali yonyozeka kwa nthawi yaitali, mwakuti mu 2022 opambana analandira mapaundi 25,000 pamene amuna ankalandira 1.8 miliyoni, ndipo matimu aang'ono ankaluza ndalama pongopita kukasewera. Kalabu yaing'ono ya Lewes inalimbikira kudandaula, thumba lonse nkukwezedwa kufika mapaundi 3 miliyoni, kenako 6 miliyoni. Chikho cha ligi, chobadwa mu 2011, chasinthidwa kaseweredwe kangapo, pena chamagulu, pena chogonja watuluka, koma kufikira 2025 palibe wina anachikhudza koposa Arsenal, Chelsea ndi Manchester City. Ngakhale FA Cup, chitengereni Birmingham City mu 2012 mpaka 2025, yangozungulira pakati pa atatu omwewa ndi Manchester United.

Mu Ogasiti 2024 FA inapereka magawo awiri apamwamba m'manja mwa kampani ya makalabu eni ake, potsatira lipoti la 2023 la Karen Carney, wosewera wakale wa timu ya Mangalande. Posakhalitsa kunamveka maganizo oimika kaye kutsika kwa matimu kuti oika chuma asamaope kutaya, koma ochemerera anakana kwamtuwagalu, ndipo mu Juni 2025 makalabu anagwirizana zokulitsa gawo loyamba kufika matimu 14 kuyambira 2026, kutsika ndi kukwera kukhalapobe. Pamenepa ochemerera anaona patali kuposa owerengera ndalama. Komabe chiphaso chikadali ndi mawu otsiriza. Reading inadzichotsa m'gawo lachiwiri mu 2024, Blackburn Rovers mu 2025. Ndipo mu Epulo 2025 atsikana a Wolverhampton Wanderers, atalimbirana ukatswiri wa gawo lachitatu la kumpoto ndi Nottingham Forest kufikira tsiku lomaliza, anauzidwa masewero atatha kuti kalabu yawo sinalembere nkomwe kalata yofunsira chiphaso chokwerera.