Kodi mawu akuti pothole anachokera kuti?

Lero ndikufuna tikambirane za mawu amodzi a Chingerezi amene timawamva kwambiri mvula ikangoyamba: pothole, dzenje la mumsewu.

Tiyambe ndi kalembedwe. Pochonga zimangirizo ndimapeza ana ambiri atalemba porthole. Amenewo ndi mawu ena, otanthauza kawindo kozungulira ka pasitima yapamadzi. Dzenje la mumsewu lilibe r. Ndi mawu awiri olumikizidwa, pot ndi hole, ndipo m'mabuku akale muwapeza atalembedwa pot-hole. N'chifukwa chake th wa pakatiyo satchulidwa ngati wa mu think. Apa ife a Chichewa tili ndi mwayi: mwana akatchula th ameneyu monga wa mu thumba, wayandikira kwambiri katchulidwe koyenera.

Tsono mbiri yake. Pali nkhani imene imafala kwambiri, yakuti oumba mbiya a ku Staffordshire ku Mangalande ankakumba dothi la mtapo m'misewu momwe ngolo za akavalo zinkadutsa, nasiya maenje, ndiye anthu anawatcha maenje a oumba miphika. Ena amaikankhira kutali nkhaniyi mpaka nthawi ya Aroma. Ndi yokoma kumva, ndipo ana saiiwala. Koma ikayesedwa ndi zaka, imagwa. Ulamuliro wa Aroma unatha ku Britain cha m'ma 410, pamene mabuku ofufuza chiyambi cha mawu amaloza 1826 ngati chaka chimene pothole anaonekera m'zolembedwa. Ndipo nthawi imeneyo sankanena za msewu ayi.

Oyamba kuwagwiritsa ntchito ankanena za miyala. Madzi a mumtsinje akamazungulira pamalo amodzi, amazunguza timiyala ndi mchenga, n'kumaboola thanthwe pang'onopang'ono mpaka dzenje lozungulira bwino ngati mtondo. Amene munafikako ku Mpumalanga ku South Africa mwina munaona Bourke's Luck Potholes, pamene mitsinje ya Treur ndi Blyde imakumana. Ndiwo mapothole enieni a tanthauzo loyambalo.

Nanga pot yekhayo? Kumpoto kwa Mangalande ndi ku Scotland, kuyambira zaka za m'ma 1300, mawuwa ankatanthauzanso dzenje lakuya. Mpaka lero ku Yorkshire kuli maenje achilengedwe otchedwa Alum Pot ndi Hull Pot, ndipo masewera olowa m'mapanga oterewa amatchedwa potholing.

Mawuwa anafika pamsewu mochedwa, cha m'ma 1909. Taonani zimene zinkachitika nthawi imeneyo. Misewu yambiri inali ya miyala yophwanya ndi kutsendera, njira imene John Loudon McAdam anaitchukitsa zaka za m'ma 1820 kaamba ka ngolo. Kenaka kunabwera galimoto. Ford Model T inatuluka mu 1908. Matayala othamanga ankafukula fumbi limene linkagwira miyalayo, madzi n'kulowa, maenje ozungulira n'kuyamba. Anthu sanapeke mawu atsopano. Anangobwereka a kumtsinje aja poona kufanana kwake.

Ndipo anabwereka bwino, chifukwa mmisiri wake ndi mmodzi yemweyo: madzi. Phula likang'aluka, madzi amalowa n'kufewetsa dothi la pansi. Lole yolemera ikadutsa, phula limatitimira n'kunyotsoka. Ku Ulaya madziwo amaundana m'nyengo yozizira n'kukulitsa mng'aluwo. Kuno kwathu ntchitoyi imagwiridwa ndi mvula ya Januwale ndi Febuluwale, makamaka pomwe ngalande zatsekeka.

Mwina wina afunsa kuti n'kuvutikiranji ndi kamawu kamodzi. Yankho langa ndi lakuti chimene mphunzitsi wanena kutsogolo kwa kalasi, mwana amachitenga ngati choona, ndipo adzachiuza ana ake. Tikamuuza za oumba mbiya popanda umboni, tamuphunzitsa kukhulupirira nkhani chifukwa chakuti ndi yokoma. Tikamuonetsa 410, 1826 ndi 1909 n'kumusiya aweruze yekha, tamuphunzitsa mbiri.

Yesani sabata ino. Fotokozani nkhani ya oumba mbiya ija, lembani zaka zitatuzi pabolodi, kenaka funsani kalasi kuti vuto lili pati. Inu ophunzira anga akale, r uja musiyireni woyendetsa sitima.