Mipingo ya mu Lusaka kunja kwa mpanda wa tchalitchi

Mzinda wa Lusaka unamangidwa mogawa anthu. Boma la atsamunda litasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, malo a mayadi aakulu ndi mitengo ya mthunzi anali a azungu, pomwe antchito achikuda anapatsidwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, tonga tomwe tatsala ku Kabwata Cultural Village. Ufulu wa mu 1964 unathetsa tsankho la khungu, koma malire aja sanafafanizike. Kabulonga ali moyang'anana ndi Kalingalinga ndi Mtendere, Woodlands wayandikana ndi Bauleni, ndipo wochokera ku Kabwata sachedwa kufika ku Misisi. Ntchito zachifundo za mipingo mumzindawu zakhala zikuchitika pa malire amenewa, pakati pa kumayadi ndi kukomboni, ndipo m'badwo uliwonse unali ndi vuto lake lomwe linatulutsa Akhristu m'tchalitchi.

Ana amasiye a ku Kasisi

Chiyambi chake chili kunja kwa mzinda. Mukadutsa Chelstone pa msewu wa Great East n'kukhotera cha ku bwalo la ndege, mumapeza njira yopita ku Kasisi. Misheni imeneyi anaiyambitsa ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, mu 1905, chaka chomwe njanji inafika pamalo pamene lero pali Lusaka. Mu 1926 pamalopo panatsegulidwa nyumba ya ana amasiye, ndipo mu 1928 kunafika masisitere ochokera ku Poland a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate, omwe akulerabe ana kumeneko mpaka lero. Masiku amenewo khanda likataya mayi ake pobadwa, moyo wake unkakhala pachiswe chifukwa chosowa woliyamwitsa. Kasisi inali pothawirapo pa ana otere.

Dziko litalandira ufulu, anthu anakhamukira mumzinda kudzafuna ntchito ndipo makomboni anafutukuka. Mipingo inayamba kugwirira limodzi: mu 1970 zipatala za mamisheni zinapanga bungwe limodzi, lomwe lero limadziwika kuti CHAZ. M'zaka zomwezo ku Kabulonga kunatsegulidwa Cheshire Home, yosamalira ana olumala. Mabishopu a Katolika a chigawo chino cha Africa anagwirizananso mu 1973 ndi mu 1976 kuti maparishi agawidwe m'miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana tokumana kunyumba. Panthawiyo zinkaoneka ngati nkhani ya mapemphero chabe. Phindu lake lenileni linadzaoneka patapita zaka zoposa khumi.

Nthawi ya kaliwondewonde

Chomwe chinasinthiratu ntchito ya mipingo ndi Edzi. Mu Disembala 1986 Masuzyo, mwana wa Pulezidenti Kenneth Kaunda, anamwalira, ndipo mu Okutobala 1987 bambo ake anauza dziko lonse poyera kuti chinamupha ndi matendawa. Kukomboni anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde. Mawodi a chipatala cha UTH anadzaza mpaka odwala ena kumagona pansi, ndipo malole a maliro opita ku manda a Leopards Hill ndi Chingwere ankatsatana tsiku ndi tsiku.

Mipingo sinayambe bwino yonse. Pa maguwa ena pankamveka ulaliki wonena kuti matendawa ndi chilango cha dama, ndipo odwala ambiri anabisidwa kuchipinda kuopa manyazi. Koma mu 1987 chipatala cha Chikankata cha mpingo wa Salvation Army, m'dera la Mazabuka, chinayamba kutumiza anamwino kukasamalira odwala kwawo komwe. Njira imeneyi inafalikira, ndipo mu Lusaka inapeza nthaka yolimidwa kale: miphakati ya Akatolika, Chigwirizano cha Amayi a mpingo wa Reformed, amayi a Dorika a mpingo wa Adventist, a Mothers' Union a Anglican ndi magulu ena a amayi ovala mayunifomu.

Ntchito yawo inali yolemetsa ndi yonyansa kwa ambiri. Mayi ankadzuka m'mawa, kumanga chitenje, kutenga sopo, magolovesi akakhalapo, ndi ufa wa phala, n'kumayenda khomo ndi khomo. Ankasambitsa wodwala amene achibale ankaopa kumukhudza, kuchapa zofunda, kutunga madzi, kutsuka zilonda, ndi kuonetsetsa kuti wa chifuwa chachikulu wamwa mankhwala ake. Wodwala akatsirizika, amayi omwewo ndiwo ankaphika pa maliro ndi kufufuza wachibale woti atenge ana. Pakhomo sankafunsa kuti mumapemphera kuti. Ambiri a iwo sankalandira malipiro, ena anali akazi amasiye, ndipo ena anali ndi kachilombo komweko m'thupi.

Panabukanso mabungwe. Mu 1989, chaka chomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri anacheza m'Zambia, Bambo Michael T. Kelly, Mjezuiti, anayambitsa Kara Counselling, yopereka uphungu kwa oyezetsa magazi. Winstone Zulu, yemwe mu 1990 anakhala munthu woyamba m'Zambia kuulula poyera kuti ali ndi kachilombo ka HIV, ankagwira ntchito ndi bungweli, ndipo anakhala ndi moyo akulimbikitsa anzake mpaka 2011. Kara inatsegulanso Jon Hospice ku Kamwala, nyumba yoti odwala kwakayakaya azitsirizikira m'manja mwa owasamalira. Ku Mtendere masisitere a Mayi Teresa ankalandira odwala ndi makanda osowa kolowera, ndipo pambuyo pake ku Kalingalinga kunatsegulidwa Our Lady's Hospice.

Ana a mumsewu

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. Koma zaka zomwezo ndizo zinali zowawa kwa mabanja. Makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, Zambia Airways inagwa mu 1994, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Makolo anali kutha ndi matenda, agogo anali atalemedwa ndi zidzukulu. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe unayesedwa koopsa, pakuti m'nyumba zambiri munalibenso chogawana. Ana anayamba kugona m'makhonde a mashopu pa Cairo Road ndi cha ku msika wa Soweto, akupempha pa maloboti ndi kununkhiza guluu kuti aiwale njala ndi kuzizira kwa mu Juni.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amayi a Catholic Women's League anayambitsa St Lawrence Home of Hope pafupi ndi Misisi, dera lomwe linkatumikiridwa ndi ansembe a Missionaries of Africa a parishi ya Good Shepherd ku Kabwata. Ogwira ntchito kumeneko anaphunzira kuti mbale ya nsima payokha sichotsa mwana mumsewu. Pamafunika kumuyendera usiku komwe amagona mpaka akukhulupirire, kumva chomwe chinamuthamangitsa kwawo, kufufuza achibale ngakhale ali ku Copperbelt kapena ku Chipata, ndi kumubwezera kusukulu. Ku Kabwata komweko Mayi Angela Miyanda anatsegula nyumba ya ana amasiye, ndipo ku Makeni masisitere a Salesian anamanga City of Hope yolera ndi kuphunzitsa atsikana.

Kufunsa gwero la umphawi

Ena mumpingo anaona kuti kumanga mabala kokha sikukwanira. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, lomwe linakhazikitsidwa mu 1988 ndipo kwa zaka zambiri linatsogozedwa ndi Bambo Peter Henriot, linayamba kufalitsa mwezi uliwonse mtengo wa zinthu zomwe banja wamba la mu Lusaka limafuna: ufa, nyemba, kapenta, makala, sopo, lendi. Mabungwe a antchito ankanyamula pepala limenelo popita kukakambirana za malipiro. Mipingo inatsogoleranso kampeni ya Jubilee yopempha kuti ngongole za dziko zikhululukidwe, ndipo mu 2005 gawo lalikulu la ngongolezo linafafanizidwa.

Mu 2004 zipatala zing'onozing'ono za mu Lusaka zinayamba kupereka ma ARV mwaulere, ndi thandizo la ndalama zakunja monga za PEPFAR. Anthu omwe achibale anali atawalira kale anadzuka n'kubwerera ku ntchito. Amayi osamalira odwala aja anasintha udindo: m'malo mosambitsa otsirizika, anayamba kukumbutsa anthu kumwa mankhwala ndi kulondola omwe asiya kupita kuchipatala.

Ndalama zakunjazo zinapulumutsa miyoyo yosawerengeka, komanso zinazoloweretsa mabungwe ambiri a mipingo kuyang'ana kutsidya kwa nyanja. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri mu Januwale 2025, kufooka kwa dongosolo lotere kunaonekera poyera. Lusaka wa lero ali ndi matchalitchi akuluakulu ku Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone, odzaza ndi maloya, madokotala ndi eni mabizinesi, pomwe Bauleni, Kalingalinga ndi Misisi akadali pomwe analiri. Zaka pafupifupi 100 chitsegulireni nyumba ya ku Kasisi, mtolo waukulu wanyamulidwa ndi masisitere ndi amayi a kukomboni, ndi ndalama zochokera kutali. Zopereka za Lamulungu za mumzinda momwemo zingathe kusenza gawo lalikulu la mtolowu, ngati makomiti a mipingo atamawerengera wodwala ndi mwana wa mumsewu pamene akukonza bajeti ya simenti ndi zokuzira mawu.