Anthu Am'zitunda ndi Atsikana Amene Amawatenga

Kuchokera m'chaka cha 2002, ku America kwakhala kukutuluka mabuku a achinyamata onena za mtsikana amene wakondana ndi mnyamata wosakhala munthu weniweni, koma fairy. Holly Black anatulutsa Tithe m'chaka chimenecho. Buku la Stephenie Meyer lotchedwa Twilight, lonena za anamapopa, litayenda malonda mu 2005, osindikiza anazindikira kuti atsikana akufuna nkhani za zibwenzi zoopsa. Mu 2007 kunabwera Wicked Lovely la Melissa Marr, mu 2009 Wings la Aprilynne Pike, ndipo mu 2010 The Iron King la Julie Kagawa. Angapo mwa mabukuwa ndawawerenga pa nthawi ya nkhomaliro kuofesi, ngakhale kuti msinkhu umene anawalembera ndinaupitirira kalekale. Amakoma, sindikana. Koma chimene chinandigwira mtima si chikondicho ayi, ndi malamulo amene amabwerezedwa m'buku lililonse: usadye chakudya chawo, usachite nawo pangano mwachibwana, chitsulo chimawawotcha. Malamulo otere sapekedwa ndi mlembi mmodzi. Ali ndi kwawo.

Mawu akuti fairy alibe mnzake m'Chichewa. Si mizimu ya makolo, komanso si ziwanda. Ku Ireland ndi ku Scotland ankati ndi mtundu wina wa anthu wokhala pansi pa zitunda ndi m'malinga akale, choncho ine ndiziwatchula kuti anthu am'zitunda. Eni dziko ankaopa kuwatchula dzina, ndipo powanyengerera ankawatcha anthu abwino. Mu 1691 m'busa wa ku Aberfoyle, Robert Kirk, analemba buku lotchedwa The Secret Commonwealth lofotokoza kakhalidwe kawo ngati mmene munthu angafotokozere anansi ake. Atamwalira mu 1692, anthu a m'deralo ankanong'onezana kuti m'busayo sanafe koma anatengedwa.

Kutengedwa ndiye panagona mantha onse. Anthu am'zitunda ankati amaba makanda, amayi oyamwitsa ndi akwatibwi, n'kusiya m'malo mwawo chinthu chofanana nawo nkhope. Mwana akayamba kunyentchera kapena kulephera kuyankhula, mkazi akadwala n'kusintha khalidwe, yankho linalipo kale: uyu si wathu, wathu anamusinthanitsa. Nyimbo yakale ya ku Scotland ya Tam Lin, imene dzina lake likupezeka m'zolembedwa za mu 1549, imasimba za mnyamata wogwidwa ndi mfumukazi ya am'zitunda, amene akuopa kuperekedwa nsembe ya msonkho umene ankaupereka kugehena zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse. Amene akumupulumutsa ndi Janet, mtsikana woyembekezera. Akumugwetsa pa hatchi yoyera usiku, n'kumukakamira pamene akusandulizidwa njoka, chilombo ndi chitsulo chamoto. Dzina la buku la Holly Black lija likuchokera pa msonkho umenewu.

Kenaka anthu am'zitunda anayamba kuchepa thupi. Shakespeare anawasandutsa oseketsa, ojambula zithunzi a m'zaka za m'ma 1800 anawaveka mapiko, ndipo J. M. Barrie anabweretsa Tinker Bell m'sewero la Peter Pan mu 1904. Mu 1917 atsikana awiri a ku Cottingley anajambula zithunzi za timapepala todula, ndipo Arthur Conan Doyle, yemwe uja analenga Sherlock Holmes wosapusitsika, anakhulupirira n'kuzifalitsa mu 1920. Eni ake anadzaulula mu 1983 ali nkhalamba.

Koma pamene anthu a m'tauni ankakongoletsa mabuku a ana ndi tianthu tamapiko, kumudzi mantha aja anali asanathe. M'mwezi wa Marichi 1895, m'mudzi wa Ballyvadlea m'chigawo cha Tipperary ku Ireland, mayi wina dzina lake Bridget Cleary anadwala chifuwa. Anali wa zaka za m'ma 20, telala wokhala ndi makina akeake, woweta nkhuku ndi kugulitsa mazira, wovala bwino kuposa anzake, ndiponso wopanda mwana ngakhale anali atakhala m'banja zaka zingapo. Mwamuna wake, Michael Cleary, mmisiri wokhoma migolo, anatsimikiza mtima kuti wogona pakamayo si mkazi wake. Achibale atasonkhana, bambo ake omubereka ali pomwepo, anamumwetsa mokakamiza mankhwala azitsamba ophika mumkaka, anamuthira mkodzo, n'kumuyandikiza pamoto akumufunsa m'dzina la Mulungu ngati analidi Bridget mkazi wa Michael. Iye anayankha kuti inde. Usiku wotsatira, pa 15 Marichi, mwamunayo anamuthira palafini n'kumutentha. Mtembo unapezeka patapita sabata, utakwiriridwa m'dzenje losaya.

Chimene chimandizizira thupi ndi chimene Michael anachita pambuyo pake. Anapita kukadikira usiku pa chitunda cha Kylenagranagh atatenga mpeni, akuyembekeza kuti mkazi wake weniweni atuluka atakwera hatchi yoyera, iye adule zingwe n'kumulanditsa. Hatchi yake ndi yomweyo ya m'nyimbo ya Tam Lin. M'maganizo mwake iye sanali wakupha koma mpulumutsi wa wokondedwa wake. Khoti linamugamula zaka 20, anagwira ukaidi zaka 15, ndipo atatuluka mu 1910 anapita ku Canada. Ife kuno sitingaseke anthu a ku Tipperary, poti nafenso taonapo agogo akuphedwa ndi adzukulu awo atawaganizira ufiti.

Ndikabwerera ku mabuku a achinyamata aja ndili ndi Bridget m'mutu, ndimaona chimene alembi ake, amene ambiri ndi amayi, anachita. Anatenga nthano yomweyo n'kusintha woisimba. Mu Tithe, mtsikana Kaye akuzindikira kuti iye mwini ndiye wosinthanitsidwa uja, amene anaikidwa m'malo mwa mwana wa munthu. Mu Wings, Laurel nayenso ndi wam'zitunda woleredwa ndi anthu. Funso limene linafunsidwa pambali pa moto ku Ballyvadlea, lakuti kodi ndiwedi amene ukunena kuti ndiwe, tsopano akudzifunsa yekha mtsikanayo, ndipo yankho silikumuphetsa. Mwana wa zaka 16 amene akudziona ngati mlendo m'nyumba ya makolo ake akumva kuti bukulo likunena za iye. Apa ndimawavulira chipewa.

Pali pena pamene ndimakwinya nkhope. Mnyamata wa m'mabukuwa amakhala ndi zaka mazanamazana ngakhale nkhope yake ndi yachinyamata, amazemberera mtsikana, amamusankha osamufunsa, ndipo owerenga akuyenera kuusa moyo kuti ndicho chikondi. Mu Wicked Lovely, mfumu Keenan atangomusankha Aislinn, njira yobwerera ku umunthu yatsekeka, ngakhale kuti mtsikanayo akulimbana mpaka kusunga chibwenzi chake chakale. Makolo a ku Ireland zoterezi ankazitcha kuba munthu, ndipo ankatseka zitseko.

Mmodzi mwa alembiwa anaoneka kuti waiona mbuna imeneyi. Mu 2015 Sarah J. Maas anatulutsa A Court of Thorns and Roses, lolembera owerenga okulirapo, mmene Feyre akutengedwa ndi mkulu wa am'zitunda wotchedwa Tamlin, akumukonda, ndipo ngati Janet uja akumuwombola kwa mfumukazi yankhanza. Buku lotsatira linatuluka mu 2016. Mmenemo Tamlin yemweyo akumutsekera Feyre m'nyumba ponena kuti akumuteteza, ndipo Feyre akuchoka.