Ndani amasunga kiyi wa makina a magemu?

Pa 4 September 2025, gemu yotchedwa Hollow Knight: Silksong itatuluka, masitolo a pa intaneti a Steam, Nintendo, PlayStation ndi Xbox anajejema kwa kanthawi chifukwa cha unyinji wa anthu ofuna kuigula nthawi imodzi. Eni gemuyo ndi Team Cherry, kagulu ka anthu atatu ku Adelaide m'dziko la Australia. Nkhani yotereyi ikamveka, ambiri amaifotokoza ngati kuti luso la anthu ochepa langotulukira m'zaka zathu zino. Koma tikayang'ana m'mbuyo, anthu opanga gemu ali okha kapena awiriawiri analipo kuyambira pomwe ntchitoyi inabadwa. Chimene chakhala chikusintha pa zaka pafupifupi 50 zapitazi ndi chipata: ndani ali ndi mphamvu yololeza gemu kuti ilowe pa makina osewerera omwe amalumikizidwa ku TV, ndipo kulowako kumadya ndalama zingati. Maganizo anga ndi akuti mbiri yonse ya magemu a anthu oyima paokha ndi mbiri ya chipata chimenechi, ndipo amene sakuchiona adzalephera kumvetsa ngakhale nkhani zimene zikutuluka lero.

Makina oyamba ogwiritsa ntchito makatiriji amene anafala m'nyumba za anthu ambiri ku America anali Atari VCS, omwe anatuluka mu 1977. Gemu iliyonse inkabwera mu katiriji, kabokosi kolowetsa m'makinamo, ndipo nthawi zambiri inkalembedwa ndi munthu mmodzi kuyambira zithunzi mpaka mawu. Komabe Atari, yomwe panthawiyo inali itagulidwa ndi Warner Communications, sinkalola kuti dzina la wolembayo lioneke paliponse, ndipo sinkamugawira kanthu pa phindu la gemu yake. Warren Robinett anafika pobisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi mkati mwa gemu ya Adventure. Mu 1979 amisiri anayi, David Crane, Larry Kaplan, Alan Miller ndi Bob Whitehead, anachoka pakampanipo ndi kuyambitsa Activision pamodzi ndi Jim Levy. Anayamba kupanga makatiriji a makina a Atari popanda chilolezo cha Atari, ndipo ankaika dzina ndi chithunzi cha wolemba gemu m'kabuku kamene kankabwera m'bokosi. Atari inawasumira, koma mlanduwo unatha mu 1982 pomvana kuti Activision izilipira kachigawo ka ndalama pa malonda ake. Chaka chomwecho gemu ya Crane, Pitfall!, inatuluka ndipo inagulidwa kopitirira 4 miliyoni. Apa ndi pamene panakhazikika mfundo imene idakalipo: wakunja angathe kugulitsa gemu pa makina a mnzake, bola mwini makina adyepo.

Anthu ena amati kutseguka kumeneku ndi kumene kunagwetsa msika, ndipo mfundo yawo si yoti n'kuipeputsa. Activision itaonetsa njira, makampani ambiri osadziwa n'komwe ntchitoyi analowerera, mpaka Quaker Oats, kampani ya zakudya, inali ndi nthambi yake yopanga magemu. Masitolo anadzaza ndi makatiriji osapsa bwino, mitengo inagwa, ogula anataya chikhulupiriro. Malonda a magemu a m'nyumba ku America, omwe anali pafupifupi madola 3.2 biliyoni mu 1983, anatsika kufika pa madola 100 miliyoni mu 1985. Zonsezi n'zoona. Koma mlandu wonse sungagwere akunja okha, chifukwa magemu amene anakhumudwitsa ogula kwambiri anali a mwini makina. E.T. inali ya Atari yeniyeniyo, ndipo Howard Scott Warshaw anapatsidwa milungu isanu yokha kuti aimalize iyambe kugulitsidwa Khirisimasi ya 1982 isanafike. Pac-Man ya pa makinawa, imene anthu anaidandaula kuti sinkafanana ndi ya m'nyumba zosewerera, inalinso ya Atari. Katundu amene anakakwiriridwa kudzala la ku Alamogordo ku New Mexico mu 1983, yemwe anafukulidwa mu 2014, anachokera m'nkhokwe za Atari. Vuto lenileni linali lakuti katiriji ndi chinthu chogwirika chimene chimapangidwa ndi ndalama zambiri, ndipo chikapanda kugulidwa chimatsalira pashelefu ngati ngongole. Aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, anapanga zochuluka kuposa zimene msika ukanatha kumeza.

Phunziro limene Nintendo inatengapo linali lakuti chipata chitsekedwe. Makina ake, omwe anatuluka ku Japan mu 1983 ndi dzina lakuti Famicom, atafika ku America mu 1985 monga NES anabwera ndi kachipangizo kotchedwa 10NES, kamene kankakana katiriji iliyonse yosavomerezedwa. Kampani yofuna kulowa inkayenera kusaina pangano lolemera: magemu asanu okha pachaka, gemu isaoneke pa makina ena kwa zaka ziwiri, ndipo makatiriji onse azipangidwa ndi Nintendo, wogula atalipiriratu. Konami, pofuna kupitirira malire a magemu asanuwo, inachita kutsegula kampani ina yotchedwa Ultra Games. Tengen, nthambi ya Atari Games, inayesa kuthyola loko ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti. N'zosakayikitsa kuti dongosololi linabwezeretsa chikhulupiriro cha masitolo ndi makolo. Koma tiyenera kufunsa kuti linkasefa chiyani kwenikweni. Magemu osakoma ambiri anatulukabe pa NES ali ndi chidindo cha Nintendo pabokosi. Sefa ija inkayeza kulemera kwa thumba kuposa ubwino wa gemu, pakuti woti angathe kulipiriratu makatiriji zikwizikwi asanagulitse ngakhale imodzi anali kampani yokhala ndi chuma kale. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira, munthu wopanga gemu ali yekha analibe polowera pa makina a pabalaza.

Umboni wakuti luso silinathe uli m'zimene zinkachitika kunja kwa mpandawo nthawi yomweyo. Ku Britain, kompyuta yotsika mtengo ya ZX Spectrum, yomwe inatuluka mu 1982, inkawerenga magemu kuchokera pa kaseti wamba wa nyimbo, chinthu choti aliyense akanatha kujambula. Matthew Smith anali asanakwanitse zaka 20 pamene anatulutsa Manic Miner mu 1983, ndipo mapasa a Oliver analemba Dizzy ali kunyumba kwa makolo awo. Ku America, kagulu kochepa ka id Software kanatulutsa Doom mu December 1993, n'kupereka gawo loyamba ulere kuti anthu azipatsirana, wokonda ndiye agule zotsalazo. Ku Japan, Daisuke Amaya anatha zaka zisanu akupanga Cave Story payekha pa nthawi yake yopuma, ndipo anaiika pa intaneti kwaulere mu 2004. Onsewa anali pa kompyuta, pomwe panalibe mlonda. Sony, imene inatsitsa mtengo wopangira magemu pogwiritsa ntchito chimbale m'malo mwa katiriji pa PlayStation mu 1994, inayesako kutsegula kawindo: Net Yaroze, PlayStation yakuda ya ophunzira ndi okonda kulemba mapulogalamu, yomwe inagulitsidwa madola 750 ku America mu 1997. Magemu ena opangidwa pamenepo anafika kwa anthu kudzera pa zimbale zaulere za m'magazini, koma njira yowagulitsira m'sitolo panalibe.

Zinthu zinatembenuka pamene gemu inasiya kukhala katundu wofunika fakitale, galimoto ndi shelefu. Microsoft inayambitsa Xbox Live Arcade mu 2004, ndipo inaikhazikitsa mkati mwa Xbox 360 mu 2005, kuti munthu azigula gemu pa intaneti n'kuilandira pa makina ake pomwepo. Poyamba gemu sinkaloledwa kupitirira 50 MB, malire amene ankayenerana bwino ndi ntchito ya anthu ochepa. Mu August 2008 Jonathan Blow anatulutsa Braid, gemu imene wosewera amatha kubweza nthawi m'mbuyo, ataiwonongera ndalama za m'thumba mwake pafupifupi madola 200,000. Chaka chomwecho kunabwera Castle Crashers, komanso World of Goo ya anthu awiri pa WiiWare, msika wa pa intaneti wa Nintendo. Mu 2010 kunatuluka Limbo ya Playdead ya ku Denmark, ndi Super Meat Boy ya Edmund McMillen ndi Tommy Refenes. Chofunika kuona n'chakuti magemuwa sankatsanzira a makampani aakulu. Limbo ilibe mitundu, ndi mdima ndi kuwala basi, ndipo ilibe mawu olankhula. Wofalitsa amene ayenera kudinda zimbale zikwi mazanamazana sakanavomera zoterezi, chifukwa gemu ikalephera amataya chuma chambiri. Mtengo wa kulephera utatsika, anthu anayamba kuyesa zinthu zachilendo.

Ngakhale zinali choncho, mlonda anali adakali pakhomo. Super Meat Boy inalephera kutuluka pa WiiWare chifukwa cha malire a 40 MB. Pa Xbox Live Arcade munthu ankayenera kudzera kwa wofalitsa wovomerezeka kapena kwa Microsoft yomwe, ndipo mu 2012 opanga Fez analengeza kuti sakonza vuto lina la m'gemu yawo chifukwa kuyezetsanso gemuyo kukanawadyera madola zikwi makumi angapo. Chimene chinafewetsa malamulowa ndi mpikisano. Minecraft ya Markus Persson wa ku Sweden, imene inayamba pa kompyuta mu 2009 popanda wofalitsa aliyense, inaonetsa kuti gemu yaikulu koposa ingathe kubadwira kunja kwa mpanda. Inafika pa Xbox 360 mu 2012, ndipo mu 2014 Microsoft inagula kampani yake, Mojang, pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Mu 2013, PlayStation 4 ndi Xbox One zili pafupi kutuluka, Sony inaonetsa opanga magemu ang'onoang'ono pa nsanja ya chionetsero cha E3, ndipo Microsoft inayankha ndi ID@Xbox, ndondomeko yolola munthu kudzifalitsira yekha. Nintendo, imene inayambitsa loko uja, inatsegula kwambiri pa Switch mu 2017. Stardew Valley, gemu ya ulimi imene Eric Barone anaipanga yekha kwa zaka zinayi ndi theka, inalowa pa Switch chaka chomwecho, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itagulidwa kopitirira 41 miliyoni pa makina osiyanasiyana. Kutseguka komweku ndi kumene kunalola Broforce ya Free Lives ya ku Cape Town kufika pa PlayStation 4 mu 2016, ndi Semblance ya Nyamakop ya ku Johannesburg kufika pa Switch mu 2018.

Wina anganene kuti chimene chinasintha zinthu ndi zida zogwirira ntchito, chipata chinangotsatira. Zoonadi, Unity, imene inatuluka mu 2005, komanso GameMaker ndi Unreal Engine zinapeputsa ntchito kwambiri, ndipo Toby Fox anapangira Undertale pa GameMaker. Koma ndondomeko ya zaka ikusonyeza kuti zida pazokha sizinali zokwanira. Anyamata a ZX Spectrum anali ndi zida zosauka zedi koma anagulitsa magemu awo, chifukwa kaseti inalibe mlonda. A Net Yaroze anali ndi zida zochokera kwa Sony yeniyeniyo koma analibe msika. Cave Story inamalizidwa mu 2004, koma inadikira mpaka 2010 kuti ifike pa makina a Nintendo, WiiWare itatsegulidwa.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa pamenepa: kodi lero sitikubwerera ku 1983? Kuyambira 2017, Steam imalandira gemu ya aliyense wolipira madola 100, ndipo mu 2023 mokha munatuluka magemu opitirira 14,000, ambiri mwa iwo osaonedwa ndi aliyense. Sitolo ya Switch nayonso yadzaza ndi magemu opangidwa mothamanga. Kusiyana kwake n'kwakuti gemu yosagulidwa lero siwolera m'nkhokwe ndipo sigwetsa mwini sitolo. Amene amaluza ndi wopanga yekhayo, amene wataya zaka zake. Choncho msika wonse suli pachiswe monga kale, koma zimenezi sizikutanthauza kuti mphamvu yachoka kwa eni makina. Yangosamukira pena. Zili ngati msika umene wasiya kubweza ogulitsa pageti, koma mwini wake akutolerabe chiphaso ndipo ndiye akusankha woti akhale pabenchi la kutsogolo. Masitolo a pa makinawa kawirikawiri amatenga 30 peresenti ya mtengo wa gemu, ndipo mphindi imodzi m'chionetsero cha Indie World cha Nintendo kapena malo pa Game Pass ya Microsoft zingathe kusiyanitsa gemu yodziwika ndi yosowa.

Palinso mphamvu ina imene eni makina analibe m'nthawi ya makatiriji, ndipo imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Katiriji ya Pitfall! ya 1982 ingathe kugulidwa kwa munthu amene anaisunga, n'kuseweredwa lero popanda kupempha aliyense. Gemu yogulitsidwa pa intaneti pokha imadalira sitolo ya mwini makina kuti ipezeke. Sitolo ya Nintendo ya Wii Shop Channel inatsekedwa mu January 2019, masitolo a makina ake a 3DS ndi Wii U anasiya kugulitsa mu March 2023, ndipo ya Xbox 360, komwe Braid ndi Limbo zinayambira, inatsekedwa mu July 2024. Magemu otchuka anali atasamutsidwa kale kupita pa makina atsopano. Ang'onoang'ono ambiri, omwe eni ake analibe ndalama kapena nthawi yowasamutsira, sangagulidwenso mwalamulo kwina kulikonse.