Miyendo yaifupi ya ng'ombe za Dexter ndi muyeso umene unkapha mathole

Kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Ireland, m'mapiri amiyala a ku Kerry, alimi osauka akhala akuweta ng'ombe zazing'ono zakuda kuyambira makedzana. Msipu wa kumeneko ndi wosowa, choncho ng'ombe yodya kwambiri sikanakhalitsa pakhomo. Pakati pa ng'ombe zimenezi pankabadwa zina zathupi lojintcha koma zamiyendo yaifupi, makamaka kuyambira pabondo kutsika m'munsi. David Low, m'buku lake la 1845, analemba kuti mtunduwu unayambitsidwa ndi bambo wina dzina lake Dexter, kapitawo wa minda ya Lord Hawarden. Nkhaniyi imabwerezedwa mpaka lero, koma ine ndimaona kuti bamboyo amapatsidwa ulemu woposa ntchito yake. Mwina anasankhadi ng'ombe zazifupi n'kuzisonkhanitsa m'khola limodzi, koma kufupikako kunali kale m'magazi a ng'ombe za anthu wamba amene mayina awo sanalembedwe paliponse.

Zinthu zinasintha ng'ombezi zitakopa maso a anthu achuma. Mu 1882, Martin Sutton wa ku Oxfordshire anagula ng'ombe 10 kwa James Robertson wa kufupi ndi Dublin n'kupita nazo ku England. Kaundula woyamba wa ng'ombe za Kerry ndi Dexter anatuluka mu 1887, bungwe la Royal Dublin Society linasindikiza buku lake mu 1890, ndipo aweti a ku England anakhazikitsa bungwe lawo mu 1892. Malamulo a mtunduwu a 1900 sanatchule msinkhu, anatchula kulemera: nkhunzi isapose mapaundi 900, yaikazi isapose 800, kapena kuti makilogalamu pafupifupi 408 ndi 363. Koma chimene chinkalamulira kwenikweni chinali diso la woweruza pachionetsero, ndipo disolo linkakonda ng'ombe yoyandikira pansi.

Apa m'pamene mbiriyi imandigwira mtima. Aweti atayamba kukweretsa nkhunzi yaifupi pa ng'ombe yaifupi kuti apeze mathole aafupi okhaokha, m'makola munayamba kuoneka zoopsa. Bere likafika miyezi pafupifupi 7, ng'ombe zina zinkapoloza thole lakufa: mutu wotupa ngati mpira, mphuno yophwatalala, lilime lili panja, m'kamwa mong'ambika chakumwamba, timiyendo tosakwanira n'komwe, matumbo atatulukira pamchombo. Chifukwa cha nkhope yake analipatsa dzina la galu wamphuno yophwatalala uja, bulldog. Mwini khola ankataya thole, ankataya chaka chathunthu cha kudikira, ndipo palibe amene ankafuna kuti ogula amve kuti zoterezi zachitika kwa iye.

Akatswiri anayamba ndi kuphonya. C. G. Seligmann, polemba mu 1904, anaganiza kuti vuto lili m'chithokomiro. James Wilson wa ku Dublin, mu 1909, ndiye anayang'ana mbali yoyenera. Malamulo a Mendel a mmene ana amatengera makolo anali atangotulukiridwanso mu 1900, ndipo Wilson anaona kuti miyendo yaifupi ya Dexter ikutsata malamulo omwewo: kholo limodzi lokha ndi lokwanira kuipereka kwa mwana. F. A. E. Crew wa ku Edinburgh anatumbula ndi kufufuza mathole akufawo, n'kulemba zimene anapeza mu 1923 ndi 1924. Iye analoza chala kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo pamenepo analakwitsa, koma kufotokoza kwake kwa mafupa osakulawo kunali kosamala kwambiri. Mabuku ambiri amatchula Crew yekha. Kwa ine, Wilson ndiye woyenera kuyamba kutchulidwa, chifukwa anachotsa nkhaniyi m'chipinda chotumbuliramo n'kuibwezera kukhola, kumene funso lenileni linali lakuti nkhunzi iti yakwera ng'ombe iti.

Masamu amene anadzatsimikizika ndi osavuta. Thole limalandira jini imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Likalandira jini yofupikitsa imodzi yokha, limakhala lamoyo, lamiyendo yaifupi, lokongola pamaso pa woweruza. Likalandira ziwiri, limafera m'mimba. Ndiye mukakweretsa zazifupi zokhazokha, pa mathole anayi alionse mumayembekezera awiri aafupi, limodzi lamiyendo yaitali, limodzi lakufa. Tanthauzo lake ndi lowawa: ng'ombe imene aweti ankaitcha Dexter yeniyeni singabereke mtundu wake wokhawokha, ngakhale mutasankha kwa zaka 100. Choipitsitsa n'chakuti thole lamiyendo yaitali lija, lokhalo lopanda vuto m'magazi, ndi limene kawirikawiri linkapita kwa ogulitsa nyama poti silinkaoneka ngati Dexter.

Bungwe la ku England linasanduka la Dexter yokha mu 1924, koma chiwerengero cha ng'ombezi chinadzatsika kwambiri, kwawo ku Ireland zinatsala pang'ono kutheratu, ndipo bungwe la Rare Breeds Survival Trust litakhazikitsidwa mu 1973 zinali m'gulu la mitundu yosowa. M'zaka zovutazo munali mayi mmodzi amene ndimamuika patsogolo pa akatswiri onse, Beryl Rutherford, mwini khola la Woodmagic. Popanda makina oyezera magazi, iye anasiya kuweta zamiyendo yopunguka n'kumasankha zing'onozing'ono pakati pa zamiyendo yachibadwa, m'badwo ndi m'badwo, mpaka anakhala ndi ng'ombe zazing'ono zosapoloza mathole a bulldog. Anaonetsa kuti kuchepa kuli pawiri. Pali kuchepa kwa thupi lonse molingana, kumene kumachokera ku majini ambiri, monga tikuonera pa ng'ombe zathu zalinunda. Palinso kufupika kobwera ndi jini imodzi yolumaza mafupa.

Miyeso ya msinkhu itafika, siinasiyanitse ziwirizi. Kwa nthawi yaitali bungwe la American Dexter Cattle Association linkati yaikazi ikhale mainchesi 36 mpaka 42 paphewa ndipo nkhunzi 38 mpaka 44, kutanthauza masentimita 91 mpaka 107 ndi 97 mpaka 112. Tepi siidziwa chifukwa chimene ng'ombe yafupikira. Ng'ombe yamagazi a thupi lalikulu ikhoza kulowa bwinobwino m'muyesowo chifukwa jini ija yaidula miyendo, pamene mbale wake wopanda jiniyo akukanidwa kuti watalikitsa. Muyeso ukamathina, jini yoopsayo ndi imene imapindula.

Gwero lenileni linalengezedwa mu 2007 ndi Julie Cavanagh ndi anzake a pa University of Sydney. Vuto lili mu jini ya ACAN, imene imapanga aggrecan, chinthu chofunika m'fupa lanthete limene limakula kenako n'kuuma kukhala fupa lolimba. Anapeza zolakwika ziwiri: china chofala m'mayiko ambiri, pamene zilembo zinayi za DNA zinalowerera molakwika, ndi china chochokera ku banja limodzi la ng'ombe ku New Zealand. Lero mweti amangozula ubweya wakumchira n'kuutumiza kukayezetsa.

Kuyezako sikunathetse mkangano. Ena akuti zonyamula jiniyo zichotsedwe m'kaundula. Ena akuti Dexter yamiyendo yaifupi ndiyo ya makolo awo, ndipo ikakweretsedwa ndi yopanda jiniyo sipabadwa bulldog ngakhale mmodzi, zomwe n'zoona. Ine sindingachotse zonse nthawi imodzi, chifukwa mtundu umene unapulumukira m'ng'ombe zowerengeka sungakwanitse kutaya magazi ambiri chotero. Chimene ndingafune n'chakuti nkhunzi iliyonse, makamaka yogulitsidwa umuna, iyezedwe ndipo zotsatira zake zilembedwe m'kaundula pambali pa msinkhu wake, komanso kuti pachionetsero zazifupi ndi zazitali zisayezedwe ndi muyeso umodzi.