Mabuku Osimba Zakale ndi za Cikhulupiriro: Mau kwa Otsiriza Sukulu ku Chifunda

Munthu wocokera ku Lundazi kunka kwa Mfumu Chifunda amatsika mapiri nalowa m'cigwa ca Luangwa, dziko lotentha kumene njobvu zimadya m'minda ya anthu. Dzinja likafika mitsinje imadzala, ndipo njira imabvuta kufikira mvula itatha. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu kumeneko ali nayo nthawi yowerenga, koma mabuku ndi ocepa. Cifukwa cace buku lofika m'mudzi wotere liyenera kusankhidwa bwino, pakuti lidzayenda m'manja ambiri kufikira masamba ace atathothoka. M'nkhani ino ndifuna kulongosola kumene anacokera mabuku a Cinyanja osimba zakale ndi za cikhulupiriro, ndi umo tingawawerengere ife ndi ang'ono athu.

Tiyambe ndi cinthu cimene mwana wa ku Chifunda amacizindikira tsiku loyamba kulowa m'kalasi. Kunyumba amalankhula Cisenga, cimene ciri pafupi ndi Citumbuka, koma buku limlankhula m'Cinyanja. Amishoni a Livingstonia, amene anayamba kuyendera Asenga kucokera ku Loudon m'masiku a Donald Fraser, anali kuphunzitsa m'Citumbuka. Koma m'zaka za m'ma 1920 Boma la Northern Rhodesia linasankha ziyankhulo zinai za m'sukulu, ndizo Cibemba, Citonga, Cilozi ndi Cinyanja, ndipo mbali ya kum'mawa inagwera Cinyanja. Cotero Msenga wowerenga analowa m'nyumba ya mabuku pa khomo la anzace, ndipo mabuku amene anawapeza m'menemo ambiri anacokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi.

Mabuku oyamba anatuluka m'makina a mishoni. Lalikuru pa onse ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'caka ca 1922, nchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi a ciAfrika. Pambali pace panali buku la John Bunyan losimba ulendo wa Mkristu, limene linasindikizidwa koyamba ku England m'caka ca 1678, ndipo pambuyo pace linatembenuzidwa m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Cinyanja comwe. Bunyan sananamize munthu: ananeneratu kuti akusimba loto. Munthu wosenza katundu wolemera athawa mudzi wace, amira m'thope, akomana ndi zimphona, ndipo potsiriza aoloka mtsinje. Makolo athu sanabvutike nalo bukuli, cifukwa anazolowera kale nthano za kalulu ndi fisi, m'mene nkhani yopeka imanyamula coonadi.

Koma buku loyamba kusimba moyo wa munthu wa kwathu m'njira imeneyi linalembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene anabadwa m'caka ca 1905. Bungwe lina la ku London loona za ziyankhulo ndi miyambo ya mu Africa linali kucititsa mpikisano wa olemba m'ziyankhulo za makolo, ndipo Ntara anapambana ndi buku lace lochedwa Nthondo, limene linatuluka m'caka ca 1933. Caka cotsatira linatuluka m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Wotembenuza anali Cullen Young, mmishoni wa Livingstonia, ndipo mau oyamba analemba Julian Huxley, katswiri wa sayansi wochuka ku England.

Pano pali cinthu coti ticiyang'anitsitse. Nthondo analandira mphotho monga mbiri ya moyo wa munthu, komatu munthuyo anamuumba Ntara mwini. Anatenga zimene anaziona ndi kuzimva m'midzi ya Acewa, monga kubadwa kwa mwana, maliro, milandu, ulendo wokafuna nchito kutali ndi kulowa ufumu, nazimanga pa munthu mmodzi. Nthondo akula wosamvera, aba, ayendayenda, abwerera kwao, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Miyambo iri m'bukumo ndi yoona. Munthuyo ndi wopeka. Ndipo njira imene nkhani iyenda, kucokera ku moyo woipa kunka ku mpingo, ndi ya mphunzitsi wa mishoni amene anafuna kuti owerenga ace atsate njira yomweyo. Wowerenga wanzeru azigwira zitatuzi padera, monga mai apeta mpunga kuti mankhusu apite kwao ndi maso a mpunga atsale m'licero. Sindikunena kuti cikhulupiriro ca wolemba ndico mankhusu ai. Ndikunena kuti tidziwe pamene akutiuza zimene zinacitika, ndi pamene akutiuza zimene akufuna kuti ticite.

Ntara analembanso Nchowa, limene linatuluka m'caka ca 1949, losimba moyo wa mkazi, ndipo ndiliika patsogolo kwa atsikana, pakuti mabuku a nthawi imeneyo oika mkazi pakati pa nkhani sanali ambiri. M'caka comweco Cullen Young anaturutsa m'Cingerezi nkhani ina ya Ntara, ya Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'dziko la Dowa. Ameneyu anali munthu weniweni, mlenje wa njobvu, wamalonda, mlimi wothirira minda yace, amene analandira sukulu m'mudzi mwace. Apa Ntara anacita nchito ya mtundu wina: anayenda nafunsa okalamba amene anamdziwa mwini nkhani. Anateronso polemba Mbiri ya Acewa. Cotero m'mabuku a munthu mmodzi timapeza mitundu itatu: nthano yobvala zobvala za mbiri, mbiri ya munthu mmodzi, ndi mbiri ya pfuko lonse. Mukapatsa mng'ono wanu limodzi la mabukuwa, muuzeni liri la mtundu uti.

Boma linalowa m'nchitoyi mocedwa. M'caka ca 1937 ku Northern Rhodesia kunakhazikitsidwa komiti ya mabuku a anthu akuda, ndipo m'caka ca 1948 maiko awiri aja anagwirizana kukhala ndi ofesi imodzi ya mabuku ku Lusaka, imene inali kulandira zolemba za aphunzitsi ndi makalaliki ndi kuzitumiza kwa osindikiza. M'zaka zimenezo anamveka maina monga E. W. Chafulumira, amene analemba Mbiri ya Amang'anja, ndi Stephen Mpashi wa Cibemba, amene nkhani yace ya mnyamata wolowa usilikali inatuluka m'caka ca 1950, asilikali a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ali cibwerere. Mabuku ambiri a ofesiyo anali aang'ono ndi otsika mtengo, olembedwa kuti mwana wotsiriza sukulu asaiwale kuwerenga.

Kuti tione kuti bvuto la mbiri ndi cikhulupiriro siliri la kwathu kokha, tiyang'ane kum'mwera. Thomas Mofolo wa ku Lesotho, wophunzira wa mishoni ya Morija, analemba m'Cisotho nkhani ya Chaka, mfumu ya Azulu. Zolembazo zinakhala zaka zambiri zosasindikizidwa, ndipo zinatuluka m'caka ca 1925. Mofolo anaika m'nkhaniyo sing'anga wopeka amene apatsa mfumu mphamvu mosinthanitsa ndi mwazi wa okondedwa ace. Buku ndi lokoma ndi loopsa, koma amene angaliyese mbiri yeniyeni ya Shaka adzasokera. Nkhaniyi itikhudza ifenso, pakuti nkhondo za masiku a Shaka ndizo zinathamangitsa Zwangendaba ndi Angoni ace, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo ana ao anadzasautsa anthu a m'cigwa ca Luangwa.

Tsono tafika pa cimene cindiwawa mtima. Acewa ali naye Ntara. Angoni a kumpoto kwa Malawi ali naye Yesaya Chibambo, amene analemba mbiri yao, ndipo inatuluka m'Cingerezi m'caka ca 1942. Koma mwana wa ku Chifunda akatsegula mabuku onse ndachulawa sapezamo agogo ace. Komatu nkhani zilipo zambiri. Akuru amasimba kuti mafumu a Asenga, Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, anacokera kumadzulo, napeza anthu olankhula Citumbuka m'cigwamo, nakwatira ana ao akazi, ndipo ana anatenga ciyankhulo ca amai ao. Amasimba za malinga amene anamanga pozinga midzi poopa Abemba ndi Angoni, za thonje limene anali kulima ndi kuomba nsaru, za fodya wao amene anali kumveka kutali, ndi za Aluya ogula minyanga ndi akapolo. M'caka ca 1897 Mzungu wa Boma, Robert Young, anamenyana ndi amalonda a akapolo pa linga la Mfumu Chibale m'dziko lomwelo. Alendo olemba anadutsa naoloka Luangwa: Lacerda m'caka ca 1798, Gamitto m'caka ca 1831, David Livingstone kumapeto kwa caka ca 1866. Iwowa analemba zimene anaona m'masiku ocepa, ndi maso a munthu wofulumira ulendo. Zimene anamva mai wobisa mwana wace m'linga usiku wa nkhondo ziri m'kamwa mwa adzukulu ace okha, ndipo adzukuluwo lero ndi nkhalamba.

Nanga ang'ono athu tiwapatse ciani? Ine ndikuti mwana wa zaka khumi ayambe ndi nkhani za Yosefe, Rute ndi Davide m'Buku Lopatulika, pakuti ziri zazifupi ndipo zimveka bwino powerenga mokweza madzulo. Akakula pang'ono alandire ulendo wa Mkristu uja. Nthondo ndi Nchowa adikire kufikira mwana atayamba kufunsa za cinamwali, za ukwati ndi za maliro, ndipo ndi bwino kuti awawerenge pali munthu wamkuru pafupi, amene anganene pamene mwambo wa Acewa usiyana ndi wa Asenga. Msyamboza ndi Mbiri ya Acewa ndi anu otsiriza sukulu. Muwawerenge muli ndi kope pambali, ndipo pamene Ntara achula mfumu ya kwao, mtsinje wa kwao kapena caka ca njala, inu mulembe funso lofanana nalo lokafunsa kwanu. Mukapita kwa okalamba musapite cimanjamanja, ndipo musafunse mmodzi yekha; mufunse wa banja la mfumu, mufunsenso wa banja limene makolo ace anagwidwa ukapolo, cifukwa awiriwa sasimba cimodzimodzi. Mulembe dzina la mudzi ndi tsiku limene munamva, ndipo mau a Cisenga amene alibe anzao m'Cinyanja muwasiye monga anatulukira m'kamwa mwa mwini.